Muyambe Mwapuma Kaye

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ano, nanga bondo lija lasiya kulosera mvula? Alamu ali bwanji, akulimbanabe ndi wailesi yawo ija yolankhula ikamenyedwa? Ife kuno tiliko. Mwana wanu Kanyenje ali bwino, pakamwa sipauma. Alamu anu ali pamsewu ndi thiraki yawo, amaimba foni akaima pomwetsa mafuta, mawu n'kumafika odukaduka, moti chikondi chawo ndimachita kulumikiza ndekha. Ineyo ndili bwino ndithu, ngati munthu amene anagona choimirira pamaso pa wodwala akuloledwa kunena kuti ali bwino.

Musaseke msanga, mungathe mpweya nkhani ikadali kutsogolo.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni inu mumalankhula ngati mphunzitsi wamkulu, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka ndavomera zimene sindinaganize. Komanso panopa sindingakweze mawu. Pa mpando wautali wa pabalaza pano pagona mlendo, nsapato atavula, kukamwa kuli yasa pang'ono. Mlendoyo ndi bwana wanga wa kuntchito. Ndifika kwa iwo, koma ndiyambe ndi manyazi anga.

Ntchito yanga ya ekisire kuchipatala mukuidziwa, ija mumaitcha yojambula anthu osamwetulira. Wodwala amaima chifuwa chitagunda makina, ine ndimapita kuseri kwa galasi n'kunena zimene ndakhala ndikunena zaka zonsezi: kokani mpweya, musapume, pumani. Pakati pa musapume ndi pumani pali kanthawi kochepa, kongokwanira kudina batani. Mabuku onse aja munkandinyamulira popita kukoleji anathera pa kanthawi kameneko.

Lachitatu lapitali kunabwera bambo ena achikulire a jekete la bulawuni, aja aulemu oti akhoza kuvulira chipewa ngakhale chitseko. Ndinawaimika bwinobwino, mapewa kutsogolo, chibwano m'mwamba. Ndinapita kuseri kwa galasi. Ndinati kokani mpweya, anakoka. Ndinati musapume. Ndinadina batani, ndinatsamiritsa chipumi pa galasi lozizira lija, ndipo Achemwali, ndinapita.

Sindinagwe ayi, ndinangochokapo. Ndinapezeka ndili m'chipinda chathu chakale chija, ndakhala pakati pa miyendo yanu inu mukundipesa tsitsi. Dzuwa linkalowera pa kabowo ka denga n'kudzaima pa bondo langa ngati dzira, fumbi likuvina m'kuwalako mosafulumira. Fungo la mafuta anu a tsitsi ndinalimva ndithu. Palibe ankandiitana. Kunali kwabwino moti ndikanakhala komweko mpaka lero.

Bambo aja anamvera. Anthu a mbadwo umenewo akauzidwa chinthu ndi munthu wovala zoyera amamvera mpaka kumanda. Pamene abwana ankatsegula chitseko anawapeza masaya atatupa, maso ali tong'o, chala chimodzi chikugogoda pa makina mwaulemu ngati munthu woodira pakhomo la eni. Abwana anati, bambo, pumani. Mpweya umene unatuluka pamenepo ndi umene unandidzutsa. Atapeza mawu, bambowo anapepesa iwowo, akuti mwina sanamvetse malangizo.

Abwana angawa ndi mayi aatali, ouma thupi, magalasi olendewera pa chingwe. Kumbali tonse timawatcha a Nangatitani. Ukawauza kuti mnzanga uja anachoka chaka chatha ndipo malo ake alibe munthu mpaka lero, amati nanga titani. Ukawauza kuti foni ya ntchito imagona kwa ine sabata ndi sabata, imalira ndili m'bafa, imalira ndili pakati pa pemphero, amati nanga titani. Tsiku lina denga linadontha pa desiki yawo yomwe, iwo anangosuntha kapu ya tiyi n'kuuza dengalo kuti nanga titani.

Koma tsiku limeneli sanatero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso akudutsa pamwamba pa magalasi, kenako anati: siyani foniyo patebulo, muyambe mwapuma kaye, ndidzakupezani kunyumba.

Inu munagwirapo ntchito m'maofesi, mawu amenewo mukuwadziwa. Munthu akasowetsa katundu, ayambe wapuma kaye. Akatukwana wodwala, ayambe wapuma kaye. Ndipo opuma kaye amene ndikuwadziwa ine akupumabe mpaka lero. Ndinavula epuloni yanga yolemera ija ya mtovu, yotchinga mphamvu ya makina, n'kuikoleka pa msomali wake. Potuluka ndinapepuka moti ndinkaopa kuti mphepo inditola pakhonde.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, ndipo nyumba yanga yomwe sindinaizindikire. Kodi inu mumadziwa kuti khoma la pabalaza langa ndi lobiriwira? Ine ndinkayesa lotuwa, pakuti ndimaliona ndi getsi basi. Masana dzuwa limalowera pa zenera la kukhitchini, limakwera firiji n'kukhala pamwamba pake ngati mphaka. Kanyenje akuti limabwera tsiku lililonse, ndipo limafunsa za ine.

Iyeyo anafika kuchokera kusukulu atagwira dzanja la aneba, amayi a khomo lachiwiri aja amene amamusunga mpaka ine nditaweruka. Atandiona anaima pakhomo n'kufunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi. Akuti nanga mwabweranji? Kenako anaseka, ndipo ndinaona mpata kutsogolo kwa kamwa. Ndinafunsa kuti dzino lachoka liti. Aneba anayang'ana pansi n'kuti sabata yatha ija. Ine amene ndimapeza mng'alu wonga tsitsi pa fupa la munthu wosamudziwa, ndinaphonya khomo lotseguka pakamwa pa mwana wanga.

Ndiye mukuona, Achemwali, simunalakwe. Pamene munati mwanayu abwere adzakhale ndi inu, ayambe sukulu kumeneko teremu ikubwerayi, munanena zoona zokhazokha. Munati kwanu kumakhala munthu pakhomo tsiku lonse, anyamata anu anakula n'kusiya zipinda zikulira mphepo, ndipo mwana wa eni sakulira kwa aneba abale ali moyo. Ndinavomera. Sutikesi ndinalongedza, ili pafupi ndi chitseko apa. Kalata ino ndaiyamba kuti ndikuuzeni kuti Loweruka likudzali mubwere mudzamutenge monga tinapangana. Ntchito ikatha, ndikhala ndikuzungulira m'maofesi kufuna ina. Ikapanda kutha, ndiye ndi ijaija yogonetsa anthu choimirira. Konsekonse mwanayu alibe mayi wa masana.

Tsono lero, titangomaliza kudya, ndamva kuodira. Potsegula, a Nangatitani, atavala diresi la maluwamaluwa. Sindinawaonepo opanda zoyera, ndipo amaoneka ngati abwereka thupi la munthu wina. Akhala pansi, atsegula chikwama, atulutsa malalanje. Mumtima ndati, eya, mankhwala owawa amawakutira shuga.

Ayamba ndi makatani, kufunsa anasoka ndani. Achoka pa makatani apita pa mtengo wa gwafa uli panjawu, akuti ukufunika kusadzira. Achoka pa gwafa alowa m'maenje a mumsewu wathu, limodzilimodzi, ngati ndi achibale awo. Tiyi woyamba watha, wachiwiri watha. Ine ndangokhala kumphepete kwa mpando, chifuwa chili njo, kudikira kuti adine batani. Zimene anamva bambo a jekete aja ndazidziwa lero, ndipo ndikadzawaona ndidzawagwira mwendo.

Kanyenje walowa akuchokera kosewera, wapereka moni bwinobwino monga munamuphunzitsira. Kenako wawayang'ana kuyambira ku zala za kumiyendo mpaka ku magalasi, watembenukira kwa ine, amvekere: amayi, a Nangatitani aja ndi amenewa?

Nkhope yanga ndasowa poiika. Abwana avula magalasi, apukuta ndi mpendero wa diresi, mosafulumira, n'kuti: ndine ndemwe mwanawe, dzinalo ndinalimva kalekale, makoma a kuntchito kwathu ndi opyapyala. Avalanso magalasiwo, n'kuwonjezera kuti nanga titani. Kanyenje waseka mpaka kugwira pamimba, ine ndaseka kuseka kwa munthu amene akumira.

Mwana wanu akapeza womumvetsera mumamudziwa. Wawaonetsa chidole chopanda mkono, wawaonetsa pamene dzuwa limakhala pa firiji, kenako wakokera sutikesi pakati pa balaza n'kuitsegula. Akuti izi ndi zovala zanga, ndikupita kwa amayi aakulu, chifukwa amayi awa amakhala kuntchito, kuno amangobwera kudzasamba. Wanena mosadandaula konse, ngati akunena kuti kunja kuli mitambo.

Abwana atola kasokosi kamodzi, akayala pa bondo lawo n'kumakasalaza ndi chala. Ati wawo anali wamwamuna, anapita kwa azakhali ake ndi sutikesi yabuluu, ankati ndi teremu imodzi yokha. Ati sutikesiyo inabwerako, amasungiramo mabulangete. Mwiniwake pano ndi bambo wa ndevu, waulemu kwambiri, akabwera amagogoda, ndipo amapempha kaye asanatsegule firiji.

Musandimve molakwika, Achemwali. Sananene kuti azakhaliwo analera moipa. Ati analera bwino koposa, palibe chimene mwanayo anasowa, ngakhale iwowo sanawasowe.

Atanena zimenezo atsamira, ati maso akuwawawa, atseke pang'ono. Ndi kumeneko apita. Kanyenje watulutsa kabulangete kake m'sutikesi n'kuwafunditsa kumapazi, watuluka choyenda ndi zala. Ine ndasowa chochita, pakuti sungadzutse munthu kuti akuchotse ntchito, ndiye ndatenga pepala ili.

M'nyumba muno muli zii wabwino. Katani ikufufuma n'kuphwa, ikufufuma n'kuphwa, ngati nayonso ili ndi mapapo. Kutali wina akukhoma misomali mwaulesi. Fungo la malalanje ladzaza pabalaza. Ndikuyang'ana chifuwa cha abwana chikukwera n'kutsika, ndipo ndaona kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuimitsa anthu mpweya, koma sindinakhalepo pansi n'kuonerera munthu akupuma. Ndi kosangalatsa kuposa kanema.

Ntchito imeneyi inandiwononga maso, sindinakuuzenipo. Ndikakwera basi sindiona anthu, ndimaona mafupa atavala nsapato, nthiti zitakhala pamzere ngati makwerero, wina msana wopindika wanyamula thumba, wina chiuno chakale chikulira. Pa chithunzi mtima suoneka wofiira, umaoneka ngati kamtambo koyera katatsamira kumanzere. Wa munthu wankhanza ndi wa munthu wachifundo, kamtambo kake n'kamodzimodzi. Ndiye ndikawayang'ana abwanawa sindingakuuzeni kuti abwera ndi chiyani. Ndikungoona kamtambo katagona pa mpando wanga.

Chimodzi chokha chikundidabwitsa. Diresi lawo latsetsereka pang'ono paphewa, ndipo pali mzere wofiira, wotupa. Mzere umenewo ndimaudziwa, ndili nawo inenso. Ndi pamene epuloni ya mtovu imadya munthu. Koma iwowa anasiya makina kalekale, ntchito yawo ndi misonkhano.

Akutembenuka. Ndiime kaye.

Ndabweranso.

Atadzuka ati sanagone, amangoganiza. Ndati inde abwana, maganizo ake amamveka mpaka kukhitchini. Avala nsapato, atsanzika, tawaperekeza. Pofika pageti ayamba za mpanda, kuti maluwa ake ndi a mtundu wanji. Pamenepo mtima wanga wakana. Ndati abwana, ndipuma mpaka liti? Ngati ndi mpaka kalekale, ndiuzeni ndili chiimire, kugwa choimirira ndinazolowera.

Andiyang'ana ngati ndalankhula chinenero cha mbalame. Kenako nkhope yawo yamasuka pang'onopang'ono, agwira geti, ayamba kuseka, magalasi akugwedezeka pa chingwe. Ati mayi inu, ine ndimati mukagone, kugona kwa maso. Ati zaka zonsezi mwakhala mukuuza anthu kuti pumani, kodi mumawachotsa ntchito?

Ndati nanga simunanene bwanji polowa? Ati iwo amayesa ndikudziwa, amangodabwa kuti mayiyu akundipatsa tiyi ngati akupereka kwa wapolisi.

Ndafunsa amene wakhala pa makina masiku onsewa. Aloza paphewa pawo. Ati chala chikukumbukirabe batani, ngakhale tsiku loyamba anajambula munthu wina theka la chifuwa, theka linalo khoma. Ati mzere wa odwala pa benchi ankauona podutsa, koma sankadziwa kuti ukamauyang'anira kuseri kwa galasi umaswana. Ati foni ija yawadzutsa, yawatulutsa m'bafa ndi sopo kumutu, mpaka aiwopseza kuti aiponya m'chitsime. Pamenepo asiya kuseka. Ati ndinkamva mukamanena, koma ndinkamva ndi makutu.

Za munthu wachiwiri, wodzalowa m'malo mwa mnzanga anachoka uja, ati anapita kwa akuluakulu, anakhala pa mpando wa alendo osachoka mpaka mkulu wake anasowa pothawira. Luso lokhalitsa ali nalo, mwaona nokha. Awalonjeza kuti munthu abwera posachedwa, ndipo tonse tikudziwa kuti posachedwa wa akuluakulu alibe miyendo. Tsono podikira, ati foni tizigawana, sabata ino iwo, sabata inayo ine. Masiku ena masana azitenga makina iwo, kuti belu la sukulu likamalira ine ndikhale nditaima pageti la sukulupo. Ati zakumwamba sakulonjeza, zikakanika ndidzawanene, dzina ndili nalo kale.

Ndati nanga mwanayu? Sindikudziwa chimene ndinafunsira. Ati za sutikesi si za ofesi yawo.

Mukuganiza kuti atatero apita? Kanyenje wawagwira dzanja kuti akaone nyerere zimene zikusamuka pansi pa gwafa. Pano akhala pa sitepe ya khonde, nsapato avulanso, akumusendera lalanje, ndipo ndikuwamva akukangana ngati nyerere zimagona. Ine ndathawira m'nyumba kuti ndilembe zimene pafoni sindingathe.

Achemwali, Loweruka musabwere. Kapena bwerani, koma ndi chikwama chanu, osati kudzanyamula cha mwana.

Ndikudziwa kuti chipinda munapenta kale. Ndikudziwa kuti alamu anatsitsa kanjinga ka anyamata kaja kudenga n'kukapopa matayala, ndipo inu mwauza kale msewu wonse kuti kukubwera mwana. Nyumba yanu ili zii, ndipo ine ndinakulonjezani phokoso. Lero ndikukubwezerani zii wanuyo ndi manja anga, ndipo musaganize kuti sindikumva kuwawa kwake. Munandilera ine, munandipesa, simunandipemphepo kanthu. Chimodzi chimene munapempha ndi chimenechi, ndipo munachipempha pofuna kundithandiza.

Mwanayu ndi wanu, palibe angatsutse. Munamusambitsa ine ndisanathe n'kudzuka komwe. Ndiye sindikukulandani, ndikubwereka. Ndibwerekeni mwana wanu ndiyese kukhala mayi wake dzuwa likuwala. Mwina zikanika. Abwana ndi munthu wamkulu, phewa lija likhoza kuwagonjetsa, ndipo munthu wachiwiri uja mwina adzafika Kanyenje ali ndi ana ake. Ndikalephera ndidzabwera naye ndekha, osadikira kuti munene, ndipo mudzakhala ndi ufulu wonena kuti ndinakuuza mpaka lilime litatopa. Koma ndisalephere ndisanayese.

Ngati mukwiya, kwiyani ndi ine pakalata, muzilembe zonse. Pafoni ndikhoza kunenanso eya.

Atsanzikanso panja. Aka n'kachitatu, ndiye sindinyamuka msanga. Alowa kudzatenga chikwama, andipeza ndikulemba, ati Lolemba ndifike dzuwa litatuluka, osati kulitsogolera. Atuluka. Geti lalira. Ndikuwaona pazenera, diresi la maluwa likutsika ndi msewu, makoko a lalanje ali m'manja chifukwa asowa potaya. Aima pa khomo la aneba, ndipo mtima wanga wati aneba atha. Ayi, angokweza dzanja. Akhota pa ngodya. Apita.

Kanyenje walowa, manja ali nyatanyata, wafunsa ngati zovala za mawa atenge m'sutikesi kapena m'kabati. Ndamuuza asambe m'manja tizibwezere zonse m'kabati. Wafunsa kuti zonse? Ndati zonse. Wati nanga amayi aakulu? Ndati ndikuwalembera. Akuti muwauze asalire, abwere adzagone kuno, bedi langa ndiwapatsa koma ine ndigona pakati.

Uthenga ndi umenewo, ndaupereka monga ndaulandirira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kanjingako asakabwezere kudenga, pa holide tikubwera tonse awiri. Moni kwa anyamata akaimba foni. Mulungu akusungeni, akuchepetsereni ululu wa bondo, ndipo akupatseni mtima wondikhululukira, ngakhale utachedwa.

Ine mng'ono wanu wosamva uja,
Make Kanyenje